Mapira a ba Fainess pa Malo a Galimoto

Ukafika ku Mpanshya n'kufunsa za ba Fainess, anthu amayamba aseka kaye asanakulozere njira. "Aja okangana ndi mbalame? Pitirirani chipatala, mukawoloke kamtsinje. Mukawamva musanawaone."

Mayiwa ndi aafupi, a zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zingapo zimene eni ake sawerenga. Amuna awo, ba Phinias, anamwalira kalekale n'kuwasiyira mwana mmodzi, Caleb, amene amakhala nawo pabwalo limodzi ndi mkazi wake Rhoda ndi ana atatu. Kutchalitchi amakhala mzere wachiwiri, ndipo ulaliki ukatalika amatsokomola mokweza mpaka wolalikira amve. Anthu ena amati ndi ouma mutu. Ine ndimati ndi munthu amene sanaphunzire kuvomera chinthu chimene sakugwirizana nacho, ndipo pa msinkhu wawowo palibe sukulu ingawalandire.

Chimene chinawatchukitsa ndi mapira. Dera lonse linawasiya pamene kunabwera chimanga cha m'sitolo ndi feteleza wake, poti mapira ndi thukuta. Akayamba kucha, munthu umakhala pansanja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kukuwa ndi kugenda mpheta. Ba Fainess sanasiye. Awo ndi mapira ofiira a ngala zowerama, amene mayi awo anawapatsa m'kapu ya chitsulo tsiku limene ankalowa banja. Zaka zoposa makumi anayi akhala akubzala omwewo, kusankha ngala zonenepa, kupuntha, kusakaniza ndi phulusa, n'kupachika kudenga.

Kenako kunabwera chaka chija cha chilala. Mvula inadula mu Januwale, chimanga n'kuuma chisanabereke. Ngakhale mapira a m'munda, amene sagonja msanga, anapsa. Kunangotsala kachigawo ka kudimba kamene ba Fainess anathirira ndi ndowa ya pamutu mpaka khosi kutupa. Anakolola meda ziwiri zokha, tizitini tiwiri tija toyezera nyemba pamsika. M'dera lonselo mbewu ya mapira ofiira inatsala imeneyo basi.

Rhoda si munthu woipa, ndiyenera kunena zimenezi. Koma pofika Okutobala ana ake ankadya kamodzi patsiku. Tsiku lina apongozi ake anamupeza ataima m'nyumba, maso ali kudenga pa kasaka ka mbewuyo.

"Amai, phala ya bana ya masiku anayi ili apa," anatero Rhoda osachita manyazi.

"Nanga chaka cha mawa muzabapatsa chani?"

"Chaka cha mawa bazafikako bwanji?"

Ba Fainess anakwera pampando. Anangokweza kasakako pamtanda wapamwamba.

Mu Novembala kunabwera uthenga wochokera kwa ba Carol, mtsikana wa bungwe lina la zaulimi limene linalemba ba Fainess ngati mlimi wachitsanzo n'kuwabwereka njinga. Kunali msonkhano wa masiku atatu ku Lusaka, kuhotela. Tsiku loyamba ba Fainess akalankhule pamaso pa alendo akuluakulu za kasungidwe ka mbewu za makolo, ndipo potseka msonkhano mlimi aliyense adzapatsidwa thumba la ufa. Rhoda atamva za ufawo anachapa yekha diresi la apongozi ake n'kulisita.

Ba Carol anati abwere ndi mbewu yodzaza dzanja limodzi, yongoonetsa. Ba Fainess ananyamula kasaka konse. Ankadziwa kuti akakasiya masiku atatu akapeza mphika wotsukidwa bwino ndi maso ozemba, ndipo sakanamuimba mlandu aliyense.

Pamsewu waukulu minibasi inafika yodzaza kale. Kondakitala anati katundu yense apite m'ngolo yakumbuyo. Anakangana naye pang'ono, koma anthu m'katimo anayamba kung'ung'udza za nthawi, ndipo iwo anapereka kasakako. Mpaka lero amati pa moyo wawo wonse anagonjapo kamodzi, ndipo taonani zimene zinatsatira. Atangodutsa Chinyunyu kunagwa mvula yoyamba ya chaka, yamphamvu, ya fungo la fumbi. Azimayi m'minibasi analulutira, ba Fainess nawo limodzi, misozi ili m'maso. Palibe amene anakumbuka kuti tenti ya pangolo inali yong'ambika.

Hotelayo inali chakufupi ndi Kalundu, imodzi mwa zija zofanana ngati mazira, zoti ukaipeza ku Ndola kapena ku Chipata makatani ake ndi omwewo. Musaganize kuti ba Fainess anachita nayo chidwi kwambiri. Misonkhano anaiyenda, ku Chongwe, ku Rufunsa, ndipo chikepe chokwerera pamwamba anachiyang'ana ngati mmene amayang'anira ng'ombe ya eni ake. Mtsikana wolandira alendo anawapatsa kakhadi kotsegulira chitseko n'kulakatula mawu ake a tsiku ndi tsiku: chakudya cha m'mawa chimayamba sikisi koloko, dziwe losambira lili kumanzere, m'chipinda sasutiramo fodya, ndipo mlendo aliyense ali ndi malo ake oimika galimoto, aulere.

"Zikomo mwana wanga," anatero ba Fainess, amene sanayendetsepo ngakhale wilibala ya eni.

Chipinda chawo chinali 314, pansanjika yachitatu. Atatseka chitseko anamasula kasaka kaja n'kupisamo dzanja. Phulusa linali litasanduka thope. Mapira anali otupa, oterera, omatirira ku zala. Mlimi aliyense amadziwa zimene mapira onyowa amachita akakhala masiku awiri m'saka: amasanduka chimera, ndipo chimera ndi chophikira thobwa, sichibzalidwa. Anathamangira kuwindo kuti aone ngati kuli kadzuwa kotsala. Windolo linalibe chotsegulira. Analikankha, analimenya ndi chikhato, koma linapangidwa kuti anthu aziyang'ana kunja osati kupuma mpweya wake. Anayala zitenje ziwiri pansi, n'kumwaza mapirawo, ndipo ku chakudya chamadzulo sanapite.

M'mawa anapisanso dzanja. Mapira anali ofunda, akununkha kafungo kowawasa, ndipo apo ndi apo tinsonga toyera tinali titasuzumira. Anachita mantha kwambiri kuposa mmene anachitira chilala chija, poti chilala chinali cha Mulungu koma ichi chinali chawo.

Sikisi koloko isanapitirire anali atazungulira hotela yonse, kasaka kali pamutu. Kudziwe kunali mthunzi wa makoma ndi madzi othovukira pansi. Kuseri kwa khitchini kunali migolo ya zinyalala, makina a magetsi akulira, ndi ndowe za makoswe. Dzuwa lenileni linali malo amodzi okha, kutsogolo, pabwalo la njerwa zosalala pamene mizere yoyera inadula malo a magalimoto. Anasankha danga la kum'mawa lopanda galimoto, n'kuyala zitenje zawo pakati pa mizere iwiri mosapyola ngakhale chala. Miyala panalibe, choncho m'ngodya anatsindira ndi nsapato zawo ziwiri ndi mabotolo a madzi a m'chipinda. Kenako anagwada n'kuyamba kupalasa mapira ndi chikhato.

Mlonda wa pageti, bambo wa imvi dzina lake Mordecai, anabwera chothamanga.

"Amai, amai! Apa ni pa mamotoka."

"Niziba. Motoka yanga ni iyi."

Mordecai anayang'ana mapira, anayang'ana mayiwo. Anapita kukaitana bwana.

Manijala, ba Lewis, anali mwamuna waulemu wa tayi yobiriwira, wozolowera alendo odandaula za madzi ozizira ndi mapilo olimba. Anaima patali pang'ono, manja atapinda kutsogolo.

"Mwauka bwanji, amai? Pepani, apa sitivomeleza kuyanika vinthu. Balendo bakulubakulu bazayamba kufika manje manje."

Ba Fainess anatulutsa kakhadi kaja pachifuwa n'kukakweza m'mwamba.

"Ine sindine mlendo?"

"Ndimwe mlendo wathu, amai."

"Mtsikana wanu ananiuza dzulo ati mlendo aliyense ali na malo ya motoka, ya mahala. Ananama?"

"Sananame, koma..."

"Nayambukila malo ya munthu wina? Yang'anani mizere. Motoka zanu zidontha mafuta, yanga siidontha. Siizapanga chongo cha injini. Dzuwa likachita nchito yake nizaichotsa neka."

Ba Lewis anatsokomola. Anati kuseri kwa khitchini kuli malo. Ba Fainess anati anakuona kale, ndipo makoswe a kumeneko ndi onenepa kuposa adzukulu awo. Ba Lewis anaganiza kanthawi, nkhope n'kuwala. Kuchipinda chochapira kuli makina oumitsa zovala, otentha bwino, mphindi makumi awiri zonse zauma.

"Mufuna muniphikile mbeu?" anafunsa ba Fainess mwachifundo, ngati akulankhula ndi wodwala. "Mwana wanga, kwanu ni kuti?"

Ba Lewis anatembenuka. Anabwerera m'kati akukanda kuseri kwa khutu, poti m'malamulo onse a hotelayo munalibe mzere wonena kuti galimoto ya mlendo iyenera kukhala ndi matayala.

Dzuwa linakwera. Njerwa zinafunda, ndipo ba Fainess ankatembenuza mapira pafupipafupi kuti asapse mbali imodzi. Nkhunda za m'tauni zinamva mbiri. Zinatera pamwamba pa geti, zisanu, kenako khumi, zonenepa ndi zopanda ulemu, zosaopa munthu ngati za kumudzi. Zinapeza mwini wake. "Fyaa! Choka, mfiti iwe!" Mawuwo anagunda magalasi a hotela, ndipo pansanjika yachiwiri makatani angapo anatseguka.

Itakwana naini koloko ba Carol anatulukira, foni kudzanja, mapepala kukhwapa, thukuta lili kamukamu. Ndi mtsikana wabwino, anagonapo pamphasa kwa ba Fainess kawiri osadandaula, koma tsikulo ankaopa mabwana ake kuposa china chilichonse.

"Ba Fainess, napapata. Muchita chani apa? Mukamba pa leveni koloko. Balendo bayamba kale kungena, bonse bakuonani."

"Banione. Si mbeu yamene muniitanila?"

"Tinakamba ya pa kwanja chabe! Siyani ba Mordecai bayang'anile, imwe tiyeni."

Mordecai anapukusa mutu ali pageti. Iye ntchito yake ndi kutsegulira magalimoto, ndipo akachoka pamenepo ntchito yatha. Komanso, ananena ba Fainess, mlonda angathe kuthamangitsa nkhunda, koma kodi adziwa nthawi yotembenuza? Adziwa kuona mitambo?

"Bauzeni babwele kuno," anatero. "Mbeu ili pano, mwine wake ali pano. Nizakamba vonse vamene mufuna, na kubaonetsa."

"Balendo bolemekezeka sibangaimilile pa dzuba mu kapaki, ba Fainess."

"Nanga mbeu yamene bafuna kumvela imela mu holo yozizila monga filiji?"

Ba Carol anabwerera m'kati maso ali ofiira. Magalimoto aakulu anapitiriza kulowa, n'kumazungulira mayi wopanda nsapato wogwada pakati pa bwalo. Bambo wina wa suti anatsitsa galasi, anajambula ndi foni, n'kukweza galasi lake.

Leveni koloko inakwana n'kupitirira. Chakumasana ba Carol anabweranso, ulendo uno akuyenda pang'onopang'ono. Anagwada pambali pa chitenje kuti mlonda asamve.

"Ba bwana bakalipa maningi. Bakusungilani mpata wina pa wanu koloko. Ati mukapanda kungena, dzina yanu ichoka pa pepala. Chipinda bazabweza lelo lomwe. Unga kulibe. Na njinga bazatuma munthu." Anatsitsa mawu. "Ganizilani bana ba ba Rhoda, amai. Ni ola imodzi chabe."

Pamenepo ba Fainess anasiya kupalasa mapira. M'maganizo anaona Mwiza, mdzukulu wawo wamng'ono, mmene amanyambitira mbale yopanda kanthu. Anaona diresi limene anavalalo, losita ndi manja a Rhoda. Thumba la ufa ndi masabata atatu a chakudya, ndipo sikunali kupusa kulifuna. Anayang'ana kum'mawa, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana pang'onopang'ono. Dzuwa lotsala linali la maola atatu, mwina osakwana. Ola limodzi m'holo, ndi kuwomba m'manja kwake, ndi zithunzi zake, likanakhala awiri, ndipo mapira akanabwerera m'saka ali a chinyezi kukagonanso m'chipinda chosatsegula windo.

Anatola njere imodzi n'kuiluma ndi mano akutsogolo. Sinathetheke. Inangophwanyika mwakachetechete ngati nyemba yophika.

Analavula n'kupukuta pakamwa.

"Ikalibe kuuma. Kauzeni ba bwana banu kuti nili pa nchito."

Wanu koloko itadutsa ba Lewis anatuluka, kumbuyo kwawo mayi wokonza m'zipinda atanyamula chikwama cha ba Fainess. Ndiyenera kuwachitira chilungamo ba Lewis, nkhope yawo inali ya munthu amene watumidwa kukapha nkhuku ya mnzake. Anati bungwe labweza chipinda 314. Anapempha kakhadi kaja. Ndipo poti sanalinso mlendo wa hotelayo, malo a galimoto aja...

"Namvela, musavutike," anadula ba Fainess. "Lamulo yanu yanithandiza m'mawa, manje yanitaya. Ni mwamene alili malamulo."

Anapereka kakhadiko ndi manja awiri. Anavala nsapato, anasonkhanitsa ngodya za zitenje, n'kusenza mtolo pamutu, chikwama kudzanja. Mordecai anawatsegulira geti lonse, lija la magalimoto, osati kakhomo ka oyenda pansi. Anatuluka mayendedwe a munthu wochoka pa ukwati umene sanaukonde. Atayenda mapazi asanu anaima, n'kuyang'ana kakhonde ka simenti kotsata mpanda wa hotela kunja kwake, pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Anatula mtolo pomwepo.

"Apa ni pa ndani?" anafunsa mokweza, kuti a m'kati amve.

"Ni pa boma, amai," anayankha wa nthochi uja akusendeza beseni lake.

"Basi. Boma ni ine."

Anayalanso. Fumbi la magalimoto linkawagwera, oyenda pansi ankalambalala akung'ung'udza, nkhunda zinawatsatira kudumpha mpanda, ndipo iwo anazilandira ndi mawu omwe aja. Nthawi ina mphepo inabweretsa phokoso la kuwomba m'manja kuchokera m'holo. Wina anali atamaliza kufotokoza za kasungidwe ka mbewu za makolo, mwina ndi kabotolo kokongola m'manja. Zinawapweteka, asakunamizeni munthu. Mawu awo anali atawakonza sabata yathunthu akupalira kudimba. Koma manja sanaime. Uku akutembenuza, uku akutola njere zonse zimene zinatulutsa nsonga n'kuziika padera. Muluwo unakula mpaka mtima kuwawa, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu.

Itangopitirira fili koloko mphepo inasintha, n'kuyamba kununkha mvula. Ba Fainess anatola njere ya pakati pa chitenje n'kuluma. Inati khe! Anatola ina ya m'mphepete. Khe! Wa nthochi uja, amene anali atamva kale nkhani yonse kawiri, analuma nayenso n'kugwedeza mutu. Madontho oyamba anagwa kasaka katamangidwa kale, katakulungidwa m'pepala la pulasitiki limene mayiyo anang'amba pa tebulo lake.

Anakagona kwa mphwawo ku Chelstone, ndipo m'mawa mwake anakwera minibasi kasaka kali pamiyendo. Kondakitala wa ulendo uno anangoyamba kuti "katundu ku...", n'kuona nkhope yawo, mawu n'kuthera pomwepo.

Rhoda anawaona akutulukira pa kamtsinje tsiku limodzi msonkhano usanathe. Anayang'ana pamutu pawo, anayang'ana kumbuyo ngati kukubwera wina wonyamula thumba. Kunalibe.

"Unga uli kuti, amai?"

"Kulibe unga. Nabwela na vamene ninapita navo." Anamasula kamtolo ka njere zomera zija n'kumupatsa. "Ivi mupele, bana bamwe phala."

Rhoda anamva nkhani yonse ataima, kamtoloko kali m'manja. Sanakuwe. Misozi inangotsika.

"Mwasinthanitsa chakudya cha bana banga na ichi?"

"Ee," anatero ba Fainess.

Sabata yotsatira kunabwera munthu kudzatenga njinga. Caleb anapita kukaotcha makala kuphiri, Rhoda n'kumayenda maganyu m'minda ya aphunzitsi, ndipo pabwalopo apongozi ndi mkamwana ankadutsana ngati anthu a pa siteshoni. Mvula itagwa kachiwiri ba Fainess anabzala okha, njere zitatu paphando m'malo mwa zisanu kuti mbewu ifike kumapeto kwa munda. Usiku uliwonse wa sabata imeneyo tulo tinali tochepa. Mbewu imene yanyowa n'kuumanso imatha kuoneka bwino kunja koma m'kati itafa, ndipo zimenezo mano sangakuuze.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi anapita kumunda mame asanaume. Anayenda mzere woyamba akuwerama. Phando loyamba linali duu. Lachiwiri duu. Pa lachitatu panali tinsonga tiwiri tobiriwira, tosongoka ngati singano, tofiirira kutsinde. Anapitirira. Pa mapando khumi, asanu ndi awiri anali atamera. Anagwada m'matopemo, ndipo sanadziwe kuti akhala nthawi yaitali bwanji mpaka atamva mapazi kumbuyo.

Anali Rhoda, khasu paphewa, akudutsa kupita ku ganyu. Anaima n'kumwaza maso m'munda monse.

"Siyanamele yonse," anatero. Anali mawu ake oyamba kwa apongozi ake m'masiku khumi ndi awiri.

"Siyanamele yonse."

"Na bana sibangadye masamba aya."

"Sibangadye. Mpaka Epulo tizavutika, ndipo muzanizonda tsiku lililonse. Nizondeni, amake Mwiza, muli na chifukwa. Koma chokani pa mzere, mwaponda mapando yatatu."

Rhoda anayang'ana pansi. Ananyamula phazi lake pang'onopang'ono, anatula khasu, n'kuwerama kudzutsa timbewu tija ndi chala, kamodzikamodzi.